NKHONDO YA PA GOME

M'mzinda wina wa ku England munali mnyamata amene anali atangotsiriza sukulu, ndipo mutu wace unali wodzala ndi mbiri ya Aroma. Pa nkhondo zonse zimene anaŵerenga, imene inkampsetsa mtima inali ya ku Cannae, m'dziko la Italy, yomenyedwa m'caka ca 216 Kristu asanabadwe. Tsiku limenelo Aroma anali oposa 80,000, pamene Hannibal wa ku Carthage, m'dziko limene lero lichedwa Tunisia, anali ndi anthu ngati 50,000 okha. Koma pofika madzulo Aroma anazingidwa mbali zonse naphedwa. Mnyamatayo ankati Varro, mkulu wa nkhondo wa Aroma, anali citsiru, ndi kuti mwana wa sukulu ali yense akadatha kumposa.

Mphunzitsi wace wakale, nkhalamba yopuma pa nchito, anamva mau amenewa, namuitana kunyumba kwace kuti akaseŵere nkhondoyo pa gome.

Maseŵera otere anayamba ngati maphunziro a asilikali. Ku Prussia, m'caka ca 1824, msilikali wochedwa von Reisswitz anaonetsa akulu a nkhondo maseŵera a pa mapu ochedwa Kriegsspiel, ndipo iwo anawalandira kuti aziphunzitsira akapitao. Pambuyo pace anthu wamba naonso anawakonda, kotero kuti mu 1913 H. G. Wells anasindikiza malamulo a nkhondo ya tizidole. Amene nkhalambayo inayala pa gome anali SPQR, oturuka mu 1992. Mapu ace ngogaŵidwa m'tizipinda ta ngondya zisanu ndi imodzi, ndipo kapepala kolimba kali konse kaimira gulu la asilikali. Pa nsolo mwala uli wonse ulingana ndi unzace, koma muno gulu liri lonse liri ndi mphamvu yace, liŵiro lace, ndi malire a kupirira kwace. Magulu akakomana, oseŵera aponya dayisi monga ocita maere, naŵerenga m'malamulo cimene cacitika.

Mnyamatayo anasankha Aroma, pakuti anadziŵa bwino msampha wa Hannibal: kuti pakati pa mzere wace padzabwerera m'mbuyo, Aroma nadzaloŵa, asilikali a ku Africa nadzawapana m'nthiti, apakavalo nadzatseka kumbuyo. Koma posacedwa anapeza zobvuta zimene buku silinamuuze. Lamulo la mkulu wa nkhondo limafika tizipinda toŵerengeka tokha, ndipo magulu a kutali amangoima. Apakavalo ace anali ocepa, ndipo anathamangitsidwa iye asanakonze mzere. Akadaima, adaniwo akadamzungulira. Akadabwerera, mizere ikadasokonezeka. Anaona kuti mphamvu yace yonse iri mwa asilikali oyenda pansi, ndi kuti njira yoyenera ndiyo kuthyola pakati msanga. Tsono analamula kuti apite patsogolo. Atasuntha timapepala tace, anakweza maso naona kuti wacita cimene Varro anacita.

"Aphunzitsi," anatero, "msamphawu ndinaudziŵa, koma ndaloŵamo ndithu."

"Mwananga," inayankha nkhalambayo, "iwe unali kuona bwalo lonse uli pa mpando. Varro anali m'pfumbi ndi m'phokoso, wosaona ngakhale malekezero a mzere wace."

Maseŵera atatha, mnyamatayo anayamba kukokolola timapepala togonjato ndi dzanja limodzi, koma nkhalambayo inamuuza kuti atibweze m'bokosi kamodzikamodzi. Inamkumbutsa kuti Livy analemba kuti Aroma amene anafa anali ngati 48,000, ndipo Polybius anati 70,000, onsewo tsiku limodzi, m'mphepete mwa mtsinje wa Aufidus. Paullus, mnzace wa Varro pa udindo, anafera pomwepo. Kapepala kali konse kanaimira mazana a anthu amene anasiya akazi, ana ndi minda. Inamuuzanso kuti Varro atabwerera ku Roma, akulu a mzindawo anamthokoza cifukwa sanataye mtima pa za dziko lace. Mnyamatayo anabweza timapepalato mwakacetecete, ndipo kuyambira tsiku lija sanamuchulenso Varro citsiru.

Mnyamata woturuka m'sukulu ndi setifiketi m'manja amafulumira kuweruza amene anamtsogolera: atate ace pa za munda, amfumu pa milandu, kapitao pa nchito. Kaŵirikaŵiri amaona zolakwa zenizeni, ndipo nkoyenera kuti azione. Koma cimene iye aŵerenga zitatha, iwo anacisankha zisanadziŵike, ali ndi anthu osakwanira ndi nthaŵi yocepa. Akulu anati mlandu suwola, ndipo wa Varro ukali kuzengedwa pa magome a oseŵera kufikira lero. Koma wofuna kuweruza ayenera kuyamba wakhala pa mpando wa woweruzidwayo, nasuntha yekha magulu ace.