Reset ayi, tingosamuka

Anyamata, nkhani yavuta pagulu ndi ya dziko lathu la Minecraft. Ena akuti tilifufute tiyambirenso, ndipo mfundo zawo ndazimva. Dayamondi wapafupi tinakumba yense. Obwera kumene akupeza malo abwino onse ali ndi eni ake. Komanso mapanga ndi mitengo yatsopano ya update imangotuluka kumene sikunafikeko munthu, pamudzi pathu singamere.

Koma ine ndikukana.

Tchalitchi chija chili pamwamba pa phiri anamanga ndi mnzathu wa ku Bembeke amene anatisiya chaka chatha, kutengera cha Katolika chakwawoko. Miyezi itatu akumanga usiku, zala zitauma ndi kuzizira kwa ku Dedza, bandulo akugulira ndalama za kachewere. Mng'ono wake amalowabe Lamulungu lililonse kukangoima pakhomo pake. Ndani mwa ife akamuuze kuti tagumula chifukwa tikufuna dayamondi?

Injini ya boti ikamatsokomola sindiiponya m'nyanja. Ndimatsuka kabuleta, kusintha pulagi, ibwerere pamadzi.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Admin ayambe wasunga backup. Kenako tidutse ku Nether, kumene block imodzi ndi 8 kunja kuno. Tikayenda 1,000 ndiye kuti tafika 8,000, kutchire kwatsopano. Aliyense apite chimanjamanja, zida asiye m'mabokosi, kuti akale ndi atsopano tiyambe mofanana. Mudzi wakale ukhale momwemo, wofuna kukaona azipita.

Voti ndi Loweruka madzulo. Amene alibe bandulo muwauze kudoko, ndipo mng'ono uja voti yake iwerengedwenso.