Osakhudza mawaya a olenji

Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto. Ndinaiphunzira ku Chipata Trades, ndipo garaja yanga ili m'mbali mwa msewu wa Chipata–Lundazi, kuno ku Chipangali. Zondidyetsa tsiku ndi tsiku ndi ma Canter onyamula fodya ndi soya, ma Hilux a alimi, ma Corolla a taxi, ndi njinga zamoto zosawerengeka. Sitata yakana, alitineta yasiya kutchaja, nyali zikuphethira, makoswe atafuna mawaya chifukwa mwini wake anagoneka chimanga m'galimoto. Zonsezi ndi za mavoti 12, kapena 24 pa lole. Sipanala ikagunda pamene sipayenera, moto umathetheka, fyuzi imapsa, munthu utukwana pang'ono n'kupitiriza.

Kenaka kunabwera ma Aqua, ma Prius ndi ma Fit a haibulidi ochokera ku Japan. Amenewa sitiwalumikiza kukhoma. Batire lawo limadzitchaja lokha galimoto ikamayenda. La Aqua ndi la mavoti 144, ndipo limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mphepo pansi pa mpando wakumbuyo. Kwathu kuno kumene fumbi limalowa ngakhale m'thumba la malaya, kafaniko kamatsekeka, batire n'kumatentha. Amenewo tinawazolowera msanga. Imene inandikhazika pansi kuti ndiwerenge ngati mwana wa sukulu ndi BMW 530e ya abwana ena ogula mtedza ndi soya, amene nyumba yawo ili ku Chipata koma munda uli kuno. Inachokera ku UK, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde.

Galimoto imeneyi inayamba kutuluka mu 2017, ku fakitale ya Dingolfing ku Germany. Ukaiona panja ndi 5 Series wamba: yaitali, yotsika, mipando ya chikopa, chitseko chotsekeka mosachita phokoso. Chimene chimaiulula ndi kachitseko kachiwiri pa phiko la kutsogolo kumanzere, polowera chingwe chotchajira. Injini yake ndi ya petulo ya malita 2, masilinda 4, ya turbo, ya mphamvu ya mahosipawa 184. Mota yamagetsi ili ndi 113. Zikamakoka pamodzi zimafika pa 252, osati chiwerengero chimene ungapeze powonkhetsa, chifukwa mota imalimba poyambira pomwe injini imalimba ikathamanga, ndiye nsonga zawo sizikumana.

Chimene ndimagoma nacho ndi pamene anaiika motayo. Giyabokosi ndi ya kampani ya ZF, ya magiya 8, yofanana ndi ya ma BMW ena. Anangochotsa torque converter, pamalo pake n'kulowetsa mota, ndi klachi yoilekanitsa ndi injini. Klachi ikatseguka, injini imagona, mota yokha n'kumayendetsa matayala akumbuyo kudzera m'magiya omwewo. Dalaivala akaponda kwambiri, klachi imagwira, injini imadzuka, wokhala kumbuyo osamva kanthu. Akachotsa phazi, mota yomweyo imasanduka jenereta n'kumabweza magetsi m'batire. Alitineta ya lamba imene ndakhala ndikuimasula moyo wanga wonse mulibe. M'malo mwake muli bokosi lotsitsa magetsi a batire lalikulu kufika pa mlingo wa batire laling'ono.

Batire lalikululo ndi la lithium, la 9.2 kWh pa magalimoto oyamba, ndi 12 kWh kuyambira mu 2019. Limakhala pansi pa mpando wakumbuyo, pamalo pamene pamayenera kukhala thanki. Thanki anaisunthira kumbuyo n'kuichepetsa kufika pa malita 46, ndipo buti inatsika kuchoka pa malita 530 kufika pa 410. Palibe chaulere. Malo alionse amene batire linatenga, china chake chinapereka.

Mphamvu ya batirelo ndi pafupifupi mavoti 350, ndipo imayenda m'mawaya okhuthala a mtundu wa olenji. Apa m'pamene ntchito yanga inasinthira. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ali ndi manja abwino koma ofulumira, ndiye tsiku loyamba ndinamuimika patsogolo pa boneti.

"Iwe, waona mawaya awa? Usawakhudze, usawatsamire, usawayikire tesita ya babu."

"Nanga galimoto ikakhala yozima, amdala?"

"Waidziwa bwanji kuti yazima? Iyi ikakhala chete ndiye kuti ikhoza kukhala ikukudikira."

Dongosolo loyambira ntchito pa galimoto imeneyi silisintha. Kuzimitsa galimoto, kiyi kuiika kutali, kuchotsa chingwe chotchajira ngati chilipo, kutsegula cholumikizira chodulira magetsi aakulu n'kuchikhoma ndi loko, kiyi ya lokoyo m'thumba mwanga. Kenaka kudikira, chifukwa ma capacitor a mu inverter amasunga moto ngakhale batire litadulidwa. Pomaliza kuyeza ndi mita, nditavala magolovesi a labala a mavoti 1,000 amene ndayamba ndawauzira mpweya kuti ndione ngati sakudontha. Mphete ndi wotchi zimatsala pa benchi. Anzanga ena amaseka, amati ndavala ngati ndikukachita opaleshoni. Asekebe.

Koma nditaigwira galimoto imeneyi kangapo, ndinapeza kuti chimene eni ake amaopa sichimene chimaigwetsa. Aliyense amafunsa za batire lalikulu, kuti likafa ndi ndalama zingati. Chimene chinaibweretsa kwa ine ulendo woyamba chinali ekoni.

Abwanawo anati galimoto yasiya kuyenda ndi magetsi okha, injini ikungolira nthawi zonse, ndipo pa sikirini pakubwera uthenga. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Ndinawafunsa ngati ekoni ikuzizira. Anati ayi, inafooka kalekale, koma iwo amangotsitsa magalasi. "Abwana," ndinatero, "ekoni ya galimoto iyi si ya inu nokha." Batire la 530e siliziziritsidwa ndi mphepo ngati la Aqua. Mapaipi a gasi wa ekoni amalowa m'bokosi la batire momwemo, ndipo kompuresa yake ndi yamagetsi, yoyendera mavoti aakulu aja, kuti izigwira ntchito ngakhale injini itagona. Gasi akatha, batire limatentha, kompyuta n'kuyamba kulisunga pochepetsa ntchito yake. Kamwala kanali kataboola kondensa kutsogolo, pa msewu wathu womwewu. Kabowo kosalowa ndi singano yomwe n'kamene kanagonetsa theka la galimoto.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi anyamata odzaza gasi m'mbali mwa msewu. Amagwiritsa paipi imodzi pa galimoto iliyonse, ndi oyilo aliyense amene wapezeka. Mu kompuresa yamagetsi, oyilo amasamba mawaya a mota enieniwo, choncho amafunika wosadutsa magetsi. Ukathiramo wamba, galimoto imazindikira kuti moto ukuthawira ku thupi lake, n'kukana kulumikiza batire lalikulu. Pamenepo ndiye kutsuka mapaipi onse, mwinanso kugula kompuresa yatsopano. Ngakhale gasi ali mitundu iwiri, R134a ndi R1234yf, ndipo kapepala ka pansi pa boneti kamanena woyenera. Kamafuna kuwerenga basi.

Nkhani yachiwiri inali ya kunyumba ya ku munda ya abwanawo. Ku Chipata galimoto imatchaja bwino, koma ku munda chingwe chimangoyaka nyali yofiira. Anali atatsimikiza kuti chingwe chafa. Ndinanyamula mita n'kupita kukayeza soketi: waya wa moto ulipo, wobwerera ulipo, wa earth palibe. Amene anaika mawaya m'nyumbamo anangousiya, monga zimachitikira m'nyumba zambiri, poti babu ndi TV zimayaka popanda iwo. Kabokosi ka pa chingwe chotchajira kamayamba kafufuza earth kasanalole magetsi kudutsa, ndipo kamachita bwino, chifukwa munthu akhoza kugwira chitseko ali chopondera pa dothi lonyowa. Tinakhoma ndodo ya kopa m'nthaka, tinakoka waya wokhuthala kuchokera pa bolodi ndi breaker yakeyake, nkhani inatha. Pa jenereta yaing'ono vuto limakhala lomweli.

Galimotoyi simeza magetsi oposa 3.7 kW, ndipo pa soketi wamba imatenga pafupifupi maola 5 kuti idzaze. Mayunitsi ake ndi ngati 10, si ambiri. Koma ndi maola 5 a kukoka kosalekeza, zimene ketulo kapena simbi sizichita. Adaputa yotchipa ya pamsika imasungunuka. Za ku UK zimabwera ndi pulagi ya mano atatu ngati yathu, apo zimatiyendera. Za ku Japan zili ndi polowera pa mtundu wina, ndi chingwe chopangidwira mavoti 200 ndi pulagi ya kwawoko, ndiye wogula azifunsa asanatumize ndalama.

Ndiye kunabwera 2024. Mvula inakana, a President Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika September makomo ambiri ankaona magetsi maola ngati 3 patsiku. Akabwera, pamakhala mpikisano wa filiji, pampu ya madzi ndi mafoni. Galimoto inali kumapeto kwa mzere. Miyezi imeneyo 530e inkayenda osatchajidwa, ndipo inali ngati ngolo imene ng'ombe imodzi ikukoka, inzake itakwera m'ngolomo. Imathandizabe pang'ono, poti mabuleki amabwezera kamoto m'batire, koma kulemera kwa batire, mota ndi mawaya kumakhala pa msana wa injini ya malita 2.

Pamapepala anati imayenda mpaka makilomita 50 ndi magetsi okha. Pa misewu yathu, ekoni ikuyaka, wopeza 30 athokoze. Kwa munthu wogona ku Kalongwezi n'kumazungulira pakati pa banki, ofesi ndi msika wa Kapata, amenewo ndi okwana tsiku lonse, ndipo akhoza kutha sabata osaona pampu ya petulo. Anaipangira moyo umenewo. Koma ulendo wa ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo batire limatha munthu asanafike ku Katete. Kuchokera apo ndi galimoto ya petulo ya thanki yaing'ono. Pamene imasangalatsa ndi pa mapiri otsikira ku mlatho wa Luangwa, munthu atapitirira Nyimba ndi Kacholola. Pamene malole akununkha mabuleki, iyo mota ikugwira liwiro, sikirini ikuonetsa batire likukwera. Mapadi ake amakhalitsa mpaka madisiki amachita dzimbiri nthawi ya mvula chifukwa chosagwiritsidwa ntchito.

Zina n'zazing'ono koma zimakwiyitsa. Batire la mavoti 12 likafooka, galimoto yonse imafa, ngakhale lalikulu litadzaza, chifukwa laling'onolo ndilo limadzutsa makompyuta ndi kutseka masiwichi olumikiza lalikulu. Ukaika latsopano, uyenera kuuza kompyuta, apo ayi imalitchaja ngati lakale. Thanki ndi yotsekedwa kuti mpweya wa petulo usatuluke injini ikagona masiku ambiri, ndiye umayamba wadina batani pafupi ndi dalaivala, n'kudikira, kachitseko kasanatseguke. Ndaonapo kamodzi katapindidwa ndi munthu amene anafuna kukatsegula ndi sikuludiraiva. Petulo wa m'zigubu sindilola n'komwe, chifukwa ma injector ake amapopera m'silinda mwachindunji ndipo sagwirizana ndi madzi kapena zinyalala. Pansi pake m'potsika, masentimita 14 okha kapena kuposerapo pang'ono, ndipo tayala lapadera mulibe. Pa msewu wa fumbi wa ku munda, dzinja likafika, ndimawauza abwanawo mosabisa kuti atenge Hilux. Ikafera panjira, inyamulidwe pa lole, osati kukokedwa ndi chingwe.

Bajeti ya 2024, imene a Situmbeko Musokotwane anawerenga ku Nyumba ya Malamulo mu September 2023, inachotsa msonkho wa kasitomu pa magalimoto amagetsi ndi zotchajira zake, n'kutsitsa excise ya ma haibulidi kuchoka pa 30 kufika pa 25 peresenti. Ndiye adzachuluka, ndipo ambiri adzafika atatha kale zaka zingapo kwina, mabatire atatopa. Wina akandifunsa asanagule, sindiyamba ndi mtundu wa penti kapena makilomita a pa dashibodi. Ndimafunsa kumene galimoto izigona, ngati pali soketi ya earth, ngati ali ndi sola yokwanira, ndi kutalika kwa ulendo wake wa tsiku ndi tsiku. Mayankho akakhala oti munda uli kutali ndipo Lusaka ndi mwezi uliwonse, ndimamuuza kuti 520d ya dizilo imutumikira bwino, ngakhale ine ndidyapo zochepa.

Malire anga ndimawadziwa. Ndimawerenga makompyuta ake, ndimayeza ngati moto ukuthawa, ndimakonza ekoni, mawaya ndi zotchajira. Bokosi la batire lenilenilo sinditsegula. M'kati mwake muli ma module 6 a maselo 16 lililonse, ndipo amenewo sazima ngakhale utadula chilichonse panja. Kusintha limodzi kumafuna zida zoyezera kuti lifanane ndi anzake, ndi kuyesa ngati bokosilo latsekekanso bwino osalowa madzi. Ikafika pamenepo, ndimalemba zonse zimene ndapeza pa pepala, ndimaliika pa mpando wa kutsogolo, n'kuitanitsa lole yopita ku Lusaka.