Za Tipoti ndi Amisiri Ace a ku England

Ambiri a ife timaphika tiyi m'ketulo kapena mumphika, ndipo tikhuta. Koma Angerezi, amene akhala akugula tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo zaka zambiri, ali naco ciwiya cace cobviikamo masamba, dzina lace tipoti. Ine ndiyesa kuti mwa ziwiya zonse za dongo palibe cina coulula nzeru za mmisiri monga ici.

Taganizani. Mphika ndiwo cinthu cimodzi, koma tipoti iri nazo ziwalo zinai: mimba, cibvundikiro, mlomo ndi cogwirira. Mmisiri aumba mimba, cibvundikiro ndi mlomo pa njinga, ciri conse pa cokha, nazilumikiza dongo lisanaumitse. Asanamate mlomo ayamba waboola timabowo pamimba, kuti masamba atsalire m'kati. Nsonga ya mlomo ikatsika koposa kamwa, tiyi atayika tipoti isanadzale. Cibvundikiro cikasowa kabowo kolowera mpweya, tiyi aturuka modukiza. Koma condizizwitsa ine ndi ici: mlomo woumbidwa pa njinga upotoka pang'ono m'ng'anjo, cifukwa cace mmisiri wozolowera aupendeketsa dala, kuti moto ndiwo udzauongole. Wophunzira dzulo sadziwa zimenezi, ndipo tipoti yace idzanyowetsa nsaru ya mlendo.

Caka ca 1920 Bernard Leach, amene anaphunzira kuumba ku Japan, anamanga ng'anjo ku St Ives pamodzi ndi bwenzi lace Shoji Hamada. Masiku amenewo nyumba zazikuru za nchito za ku Stoke-on-Trent zinali kuturutsa matipoti osawerengeka ndi zikombole, onse ofanana, a mtengo wocepa. Leach anati ciwiya codyera tsiku ndi tsiku ciyenera kuturuka m'manja a munthu, ndipo mu 1940 analemba A Potter's Book, buku limene linadzutsa anyamata ambiri kutsata nchitoyi. Matipoti ambiri a nyumba yace anali odera kapena akuda, ena a cogwirira ca bango copindidwa pamwamba, monga acitira ku Japan, cosatentha dzanja.

Pamenepo panali bvuto, ndipo sindifuna kulibisa. Ciwiya ca manja cidya masiku, ndipo masiku akweza mtengo. Tsono wosauka uja amene ciwiyaco cinayenera kumkondweretsa anapitabe kukagula ca cikombole. Mwana wace David ndiye anaona msanga. Anakaphunzira ku Stoke komweko, nabwera kudzakonza nchito kuti ophunzira aziumba ziwiya za muyeso umodzi, zambirimbiri, zoti banja wamba likhoze kugula. Ine ndimtama mwanayo koposa atate wace pa ici.

Sanayende njira imodzi onse. Lucie Rie, mai amene anathawa ku Vienna mu 1938 nakhala ku London, anaumba ziwiya za tiyi zopyapyala ndi zopepuka, zimene Leach poyamba sanaziyamikira. Michael Cardew, wophunzira wa Leach, anapita ku Nigeria, nayamba sukulu ya zoumba ku Abuja mu 1951. Kumeneko mu 1954 kunafika Ladi Kwali, mkazi woyamba kulowa m'sukuluyo, amene anali atadziwa kale kuumba mitsuko ndi manja okha monga acitira amai athu kuno. Njinga anaiphunzira, koma abuluzi, nsomba ndi zinkhanira zimene anazilemba pa mitsuko ya kwao sanazisiya. Ndipo lero nkhope yace iri pa ndalama ya pepala ya 20 naira.

Matipoti a amisiri awa tsopano agulidwa ndi ndalama zambiri, ndipo ena aikidwa m'nyumba zoonetsera za kale, monga Victoria and Albert Museum ku London. Ici cindimvetsa cisoni pang'ono, pakuti mlomo uja anaupendeketsa mosamala kuti uthire tiyi bwino, ndipo ukhala wouma kuseri kwa galasi.