Lamya ndi ya mmodzi, mphika ndi wa tonse

Kale kunenepa kunali mbiri yabwino kuno kunyanja. Mkazi akakwatiwa n'kuyamba kudzaza nsalu, tinkati banja lamuyanja. Bambo akatuluka kamimba, tinkati chilimira chake chikupha usipa. Lero tayamba kulankhula mosiyana, chifukwa mizere ya odwala shuga ndi BP pa zipatala za ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota tikuiona ndi maso athu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse anali ndi thupi lopyola muyezo. Ambiri a ife tsopano tikufuna kuchepetsa thupi, ndipo amene wafulumira kutiyankha ndi lamya ya m'manja.

Pa Facebook, TikTok ndi m'magulu a WhatsApp muli aphunzitsi osawerengeka. Munthu amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kulandira ndandanda ya zakudya ndi timakanema ta masewera olimbitsa thupi. Tisanyoze njirayi. Mlongo wathu amene sangalole kudumphadumpha pamaso pa amuna achilendo amatseka chitseko n'kuchita masewerawo m'chipinda mwake, ulemu wake uli wosungika. Salipira kabaza, sasiya ana okha. M'bale wathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg, wopanda nthawi komanso wopanda abale pafupi, lamyayo ndiye mnzake.

Koma ndandanda zambiri zinalembedwera makhitchini amene si athu. Zimatchula zakudya zogulidwa m'masitolo a mumzinda, osanenapo kanthu za mgaiwa, kondowole, utaka, bonongwe kapena therere. Zina zimabwera ndi tiyi wotchedwa wochepetsa thupi, amene nthawi zambiri amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba. Sikelo imatsikadi, koma chimene chachoka ndi madzi, ndipo amabwerera. Ponena za kusala maola 16 kumene ena akugulitsa ngati nzeru yatsopano, timangomwetulira: swaumu ya Lolemba ndi Lachinayi tinaipeza agogo athu akumanga popanda kulipira aliyense.

Vuto lenileni lili pamkeka. Kwathu munthu sadya yekha. Mayi amene walandira malangizo pa lamya ndi yemweyo amene akuphikira anthu asanu ndi atatu mumphika umodzi. Akachepetsa mafuta m'ndiwo, bambo afunsa ngati ndalama yatha. Akatenga mtanda umodzi wa nsima m'malo mwa itatu, apongozi aganiza kuti wakwiya. Ku ukwati, ku sadaka, pa Idi, kukana mbale yachiwiri ya mpunga kumaoneka ngati kunyoza mwini nyumba. Mphunzitsi wa pa intaneti sadziwa apongozi athu, ndipo sadzakhalapo pa nthawi yogawa nsima.

Pali chinanso chimene sitikonda kutchula. Dziko lino linadutsa m'zaka zimene kuwonda kunkatanthauza maliro, ndipo mantha a zaka zimenezo sanatheretu. Munthu akayamba kuchepa thupi mwakachetechete, anthu pachitsime ndi padoko amayamba kunong'onezana kuti akudwala. Taona amayi atayamba bwino, n'kusiya pa mwezi wachiwiri, osati chifukwa cha njala, koma chifukwa cha maso a anthu. Apa ndi pamene kuchitira pamodzi kumaposa lamya kutali. Amayi asanu akamayenda limodzi m'mbali mwa nyanja itangotha Swala ya Subuhi, mudzi wonse umadziwa chimene akuchita. Akawonda, palibe chonong'ona. Wina akajomba, anzake amagogoda pakhomo pake, pomwe uthenga wa pa WhatsApp umangowerengedwa n'kusiyidwa, kapena suwerengedwa n'komwe bandulo ikatha.

Nyumba zochitira masewera zokhala ndi makina ndi za m'mizinda, koma ife sitikuzisowa kwenikweni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi 150 pa sabata za kuyenda mwandawala kapena ntchito yofanana nayo, kutanthauza theka la ola masiku asanu. Limalangizanso mchere wosafika magalamu 5 patsiku, ndi shuga wosapyola timasupuni pafupifupi 12. Botolo limodzi la chakumwa chozizira la mamililita 300 limatenga kale timasupuni pafupifupi 8. Kuchepa kwabwino ndi theka la kilogalamu kufika kilogalamu imodzi pa sabata. Wolonjeza makilogalamu 10 m'masabata awiri akufuna ndalama zathu basi.

Mwezi wa Ramadhan umaonetsa zonsezi poyera. Timamanga tsiku lonse, koma pofuturu pamabwera samusa, mandasi, zitumbuwa, sobo ndi tiyi wa shuga wambiri, ndipo ena timatuluka m'mweziwo titalemera kuposa mmene tinalowera. Chiphunzitso cha Mtumiki Muhammad (SAW) chogawa mimba patatu, chakudya, chakumwa ndi mpweya, tonse timachidziwa pamtima. Chimagwira ntchito pakhomo pamene bambo, mayi ndi apongozi agwirizana za mafuta othira mumphika, ndipo kugwirizana kumeneko kumachitika pokambirana maso ndi maso.

Amene akumwa mankhwala a shuga, makamaka obaya insulin, asayambe kudumpha chakudya pongomvera kanema. Shuga akhoza kutsika mwadzidzidzi mpaka munthu kukomoka. Iwowa ayambe kaye aonana ndi adokotala kapena anamwino, amene adzawayeza magazi, BP ndi kulemera, n'kulemba zonse m'buku lawo la kuchipatala. Ulendo umenewu ndi woyenera kuupanga mwezi wa Shaabani usanathe, kuti ngati nthawi yomwera mankhwala ikufunika kusinthidwa pakati pa daku ndi futari, isinthidwe mwezi usanaoneke.