Mpeni wa Banja la Opinel

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda miyambo, akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwambiwu ndimaukumbuka ndikaganizira mbiri ya banja lina la ku France, limene dzina lake lidasanduka dzina la mpeni.

M'mudzi wa Albiez-le-Vieux, kumapiri a Savoie, mudali mmisiri wosula zitsulo dzina lake Daniel Opinel. Iyeyu adali kusula zikwanje ndi zida zina za alimi. Mwana wake Joseph adakulira pachipala pomwepo, akumva kulira kwa nyundo tsiku ndi tsiku. Mu 1890, ali ndi zaka 18, adayamba kupanga timipeni topinda tam'thumba, ta chigwiriro cha mtengo. Atate ake sadakondwe nazo poti makina adali kuwakayikira, koma mnyamatayo adalimbikira. Mu 1897 adatulutsa mipeni ya misinkhu 12, kuyambira nambala 1 mpaka 12, ndipo mu 1909 adalembetsa chizindikiro chake, dzanja lokhala ndi chisoti chaufumu pamwamba.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ntchito itakula, Joseph adatsika kumapiri nakakhazikitsa fakitale ku Cognin, pafupi ndi mzinda wa Chambéry. Mpeniwo udali ndi chilema chimodzi: unkatha kupindika mwadzidzidzi n'kucheka zala za mwini wake. Mu 1955 Marcel, mwana wa Joseph, adaikapo kamphete kachitsulo kamene ukakapotoza mpeni sungathenso kupindika. Pofika 1989 dzina lakuti Opinel lidalowa m'dikishonale ya Larousse.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti palibe mbadwo umene udataya za makolo ake, komanso palibe umene udangozisunga monga udazipezera. Daniel adapereka moto ndi nyundo, Joseph adabweretsa makina, Marcel adateteza zala za ogula. Joseph akadamvera atate ake pa zonse, mpeniwo sukadabadwa. Akadanyoza chipala n'kuthawira kutauni, sakadadziwa kusula chitsulo chosabuntha msanga.

Ambiri a inu muli ndi agogo odziwa kusula makasu, kuumba mbiya kapena kuluka mphasa. Luso lotere silikhala m'mabuku, limakhala m'manja, ndipo mwini wake akatsikira kulichete limapita naye. Khalani nawo pansi akali moyo, muphunzire mmene amachitira, ndipo mukatero muwonjezepo chanu.