MASALA, KUMENE NJINGA ZAMOTO ZA KUMIDZI ZIPEZA MOYO

Mlendo akafika mu mzinda wa Ndola ndi kufunsa kumene anthu wamba agula ndi kugulitsa, adzamlozera ku Masala. Komboni imeneyi, yoyandikana ndi Kabushi, idziwika m'cigawo conse ca Migodi cifukwa ca msika wake waukulu, kumene kapenta, makala, salaula ndi zitsulo zakale zigulitsidwa pamalo amodzi. Koma wopitirira mabenchi a tomato ndi kulowa m'tinjira ta m'mbali adzamva phokoso losiyana ndi la amalonda, ndilo kulira kwa injini imene ikuyesedwa. Kumeneko ndiko kugwira nchito amisiri okonza njinga zamoto.

Galaja ya mmisiri wotere siicititsa kaso. Pali denga la malata akale, bokosi la masipanala, beseni lotsukiramo zitsulo, ndi mulu wa njinga zakufa. Mulu umenewo mwini wake sauyesa zinyalala ai. Kwa iye ndi nkhokwe, pakuti njinga yakufa imodzi itha kuukitsa zinzake zitatu. Ngakhale tsiku lopanda makasitomala iye sakhala manja lende: amasula injini yakale, naiyang'ana mkati, naimanganso, kuti aone cimene cinaipha.

Njinga zambiri zofika pamenepa si za m'tauni. Zicokera ku midzi ya Alamba m'maboma a Masaiti ndi Mpongwe, kumene tara akatha mseu usanduka fumbi m'cilimwe ndi matope m'dzinja. Kumeneko mthuthuthu ndiwo unyamula thumba la fetereza, mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi wopita kukatenga malipiro, ndiponso mai wodwala wopita ku cipatala ca Ibenga kapena ca Mpongwe. Njinga yotere ikagona sabata limodzi, ndiwo za mlimi zifotera kudimba ndipo wodwala ayembekeza ngolo. Cifukwa cace mwini njinga akafika ku Masala sataya nthawi ndi nkhani zina, angopereka moni mwa Cibemba, nati "Ba Makanika", naloza injini.

Mmisiri weniweni sathamangira sipanala. Ayamba waimva injini ndi khutu, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Kenaka amasula pulagi ndi kuyang'ana nsonga yake. Ikakhala yakuda ndi mwaye, adziwa kuti petulo acuruka kuposa mpweya. Ikayera mbuu, petulo acepa ndipo injini itentha mopitirira. Utsi wobiriwira kumbuyo umuuza kuti oilo alowa kumene sayenera kulowa, ndiko kuti maringi a pisitoni adyeka. Kawirikawiri mdani ndi mmodzi yemweyo, fumbi. Sefa ya mpweya ikang'ambika, fumbi lilowa m'kati ndi kupala citsulo monga mcenga upala mphika. Injini zazing'onozi zimwa oilo wokwana pafupifupi lita imodzi cabe, koma eni ake ambiri aumira ndalama ya lita imeneyo, nadzalipira mtengo wa pisitoni yatsopano.

Luso lotere lili ndi mbiri yake mu Ndola. Uno unali mzinda wa mafakitale. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam, inafika kuno mu 1968, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa mu 1973. Kampani ya Dunlop inali kupanga matayala kuno komwe. Koma caka ca 1973 comweco boma la Ian Smith linatseka malire a Rhodesia, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa pa misika ya kunja. Ndalama zakunja zinasowa, masipeya nawo anasowa m'masitolo. Amisiri a nthawi imeneyo anaphunzira kudula gasiketi pa katoni yolimba, kuotcerera citsulo cothyoka, ndi kusula kacitsulo ka njinga ina kuti kalowe pa inzake. Pambuyo pa 1991, pamene malonda anamasulidwa ndipo mafakitale ambiri a mu Ndola anatsekedwa, anthu odziwa makina amene nchito inawathera anatenga zipangizo zao ndi kukhala m'mbali mwa miseu ya m'makomboni. Anyamata ogwira sipanala lero ndiwo alandira colowa cimeneco.

Masiku ano zinthu zatembenuka. Kale dzina lakuti Honda linali ngati dzina la njinga yamoto iliyonse. Tsopano miseu yadzala ndi Bajaj Boxer ndi TVS za ku India, pamodzi ndi zina za ku China, ndipo masipeya apezeka pa tebulo ngati tomato. Ici cathandiza mlimi, koma cabweretsanso msampha. Pali masipeya ena ooneka bwino m'pepala lake koma osalimba, cheni cotambasuka mwezi usanathe, kapena mabuleki otha msanga. Mnyamata wongodziwa kucotsa cakale ndi kuikapo catsopano sangathe kusiyanitsa. Mmisiri wozama ayesa citsulo m'manja, namuuza mwini njinga zoona, ngakhale zoonazo zimcepetsere phindu la tsiku limenelo. Iye adziwa kuti buleki ikakana pa mtsetse, pa njinga pamakhala miyoyo iwiri kapena itatu.

Pagalaja iliyonse pali kamnyamata kotsuka zitsulo ndi kupatsira masipanala. Ndimo mmene ambiri anayambira, ndipo sukulu imeneyi ndi yabwino, koma ilibe cikalata. Komatu mu Ndola momwemo muli sukulu ya zaumisiri ya Northern Technical College, ndipo bungwe la TEVETA liyesa mayeso a luso ngakhale kwa iwo amene anaphunzirira nchito pansi pa mtengo. Mnyamata wokhala ndi cikalata cotere atha kufunsira nchito ku mafamu akulu a ku Mpongwe kapena ku makampani a migodi, pamene mnzake wopanda pepala angodalira odutsa m'njira. Makolo ndi eni magalaja acita bwino akawalimbikitsa anawa kukayesedwa.

Dzuwa likapendeka, njinga zocira ziyamba ulendo wobwerera kumidzi, zitamangidwa matumba a mcere, sopo ndi mafuta ophikira. Mmisiri wosamala salola njinga kucoka asanaiyendetse yekha pang'ono, kuyesa mabuleki onse awiri ndi kuona ngati nyale iyaka, pakuti mdima udzampeza mwini wake ali m'thengo. Cotsalira cili kwa wokwerayo: kuvala cisoti colimba, kusasenza katundu wopyola muyeso, kutsuka sefa ndi kusintha oilo pa nthawi yake. Akasunga zimenezi, ulendo wake wotsatira wa ku Masala udzakhala wa kumsika, osati wokankha njinga.