Diso la Samueli

Abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amene muli pa mipando yolemba anthu ntchito, musanagone lero werengani 1 Samueli mutu 16.

Mneneri atafika ku Betelehemu, anaona Eliyabu, mwana wa Jese, wamtali ndi wooneka bwino, ndipo mtima wake unagamula pomwepo kuti mfumu ndi yomweyi. Samueli sanalandire chiphuphu. Sanadane ndi Davide, amene anali kubusa ndipo palibe anakumbukira kumuitana. Diso lake linangozolowera kuti mfumu imakhala yaitali, poti Sauli anali wotero. Tsankho lotereli n'lovuta kulapa, chifukwa mwini wake salimva.

Kuyambira kwathu kuno ku Kuti mpaka ku Senga Bay, ntchito zimapezeka m'malo ogona alendo, m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo makalata ofunsira ntchito amadzaza tebulo. Mukawerenga dzina la Chisilamu, kodi dzanja lanu silifulumira kuika kalatayo pansi? Mukamva Chichewa chopendekera ku Chiyao kapena ku Chitumbuka, kodi simuyamba kusakasaka chifukwa? Mayi woyembekezera akalowa, mwawerengera kale masiku amene adzajombe asanatsegule n'pakamwa pomwe. Potsiriza mumatenga mwana wa mnzanu wa mu kwaya, n'kumati mtima wanga wangomukonda. Simunaname ayi. Koma mtima umathamangira amene akufanana nawo, ndipo ife a mpingo timafulumira kuutcha mtima umenewo chitsogozo cha Mzimu.

Malamulo alipo. La ntchito la 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chilankhulo kapena ulumali. La 2013 limati polemba ntchito m'boma, amayi kapena abambo asachepere 40 pa 100 alionse. Lamulo lingagwire tsankho loonekera, longa la 1989, pamene aphunzitsi ochokera kumpoto anabwezedwa kwawo. Koma lobisalali silisiya kalata yoti woweruza awerenge.

Mu 2021 anansi athu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe, munthu woyamba wachialubino kusankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Ndi angati onga iwo amene timawabweza poti sangapirire dzuwa la Salima, chonsecho ntchitoyo ndi ya mu ofesi?

Samueli anafunsa ngati ana onse afika, ndipo anakana kukhala pansi kufikira wa kubusa uja atabwera. Inunso, musanatsegule kalata iliyonse, lembani papepala zimene ntchitoyo ikufuna, ndipo aliyense afunsidwe mafunso omwewo. Musafunse nokha, pakhale mayi, pakhalenso wina amene sapemphera nanu. Uthenga wa ntchito usathere pa WhatsApp ya mpingo. Ukafikenso kumsika wa Kamuzu Road ndi kumadooko a asodzi.